Kinnah Phiri ndi Ernest Mtawali: Adaposa Mnzake Ndani?

Munthu woyenda m'Machinjiri madzulo a Loweruka, kaya ndi pa msika wa Luwanda, kaya ku Area 5, kaya pokwerera minibasi zopita ku Limbe, salephera kupeza anthu akukangana za mpira. Anyamata amatsutsana za matimu a ku Mangalande amene amawaonera m'tinyumba ta kanema tolipira pakhomo. Koma pamene pakhala madoda a imvi atazungulira bawo, mkangano wake ndi wina, ndipo ndi wakalekale: mwa onse amene adamenyapo chikopa m'dziko muno, katswiri woposa anzake adali yani? Maina amatuluka ambiri. Wina atchula Yasin Osman, wina Jack Chamangwana, wina Lawrence Waya, winanso Young Chimodzi. Koma nkhani ikafika pa mponda chimera pamatsala maina awiri, la Kinnah Phiri ndi la Ernest Mtawali, ndipo bawo limayamba laima.

Ochemerera mpira adapatsa amuna awiriwa maina a Chingerezi amene, mwangozi chabe, amayenderana. Kinnah ankamutcha Electric, kutanthauza magetsi. Mtawali ankamutcha Wire, ndiye kuti waya. Woyambayo adali womwetsa zigoli, wachiwiriyo adali wosewera pakati, wogawira anzake mpira. Apa ndi pamene payambira kuvuta kwa mlanduwu, pakuti ntchito ya wakutsogolo imawerengeka ndi zala, pamene ntchito ya wapakati imaoneka ndi maso okha, ndipo woyimbira akaliza wezulo yotsiriza, siisiya chizindikiro m'buku. Kuwonjezera apo, awiriwa si a msinkhu umodzi. Kinnah adabadwa mu 1954, ndipo Mtawali ndi wamng'ono kwa iye ndi zaka pafupifupi khumi. Pamene wamkuluyo ankavula malaya a timu ya dziko lino, n'kuti wamng'onoyo akungoyamba kumene kudziwika.

Palinso china chimene okanganawo satchula kawirikawiri. Wailesi ya kanema idayamba m'dziko muno mu 1999. M'masiku a Kinnah, munthu wa ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Chitipa ankaudziwa mpira ndi khutu. Mudzi wonse unkasonkhana pa wailesi imodzi, mabatire atayamba aanikidwa padzuwa kuti apezeko mphamvu, ndipo chimene muulutsi wanena ali pa bwalo la Kamuzu ndicho chidachitika, padalibe womutsutsa. Amene adali ndi mwayi wodzionera okha sabata ndi sabata adali anthu a mu Blantyre, a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa, amene ankayenda pansi kupita ku Chichiri, ndipo ena mwa iwo ndi madoda amene lero adamanga nyumba zawo ku Machinjiri. Mtawali naye zaka zake zokoma adazithera kunja, ndipo anthu akuno ankangowerenga za iye m'nyuzipepala kapena kumva kwa obwera kuchokera ku Joni. Choncho ambiri mwa okangana za awiriwa amakangana za zimene adamva. Ndi chifukwa chake kuli bwino kuyamba ndi zimene zidalembedwa.

Kinnah Phiri adasewera timu ya Bata Bullets ya mu Blantyre, imene otsatira ake amaitcha Maule, ndipo adavala malaya a Flames kuyambira 1973 kufikira 1981. M'zaka zimenezo adasewerera dziko lino masewero opitirira 110, namwetsa zigoli 71. Powerengera bwino, ndiye kuti pa masewero asanu alionse ankagwedeza ukonde katatu, ndipo izi sadachite chaka chimodzi chamwayi ayi, koma chaka ndi chaka. Palibe wosewera wina wa Flames amene adafikapo ngakhale pa theka la nambala imeneyi. Kuti womvera aone kukula kwake, ayerekeze ndi maina amene anyamata a m'tinyumba ta kanema amawadziwa. Didier Drogba adagoletsera dziko la Ivory Coast zigoli 65. Samuel Eto'o adagoletsera Cameroon zigoli 56. Pelé mwini wake adagoletsera Brazil zigoli 77. Mu Africa monse, dzina limene limakhala pamwamba pa Kinnah m'mabuku ndi la mnansi wa ku Zambia, Godfrey Chitalu, amene adamwetsa 79.

Zigolizo sizidapite padera. Masiku amenewo chikho chimene maiko a chigawo chino ankachilimbirana ndi mtima wonse chidali cha East and Central Africa Senior Challenge Cup, chimene ambiri amangoti CECAFA. Mu 1975, ku Zambia, Flames idafika mu ndime yotsiriza koma idagonja kwa Kenya pa mapenate. Mu 1978 mpikisanowo udachitikira muno m'Malawi, timu ili m'manja mwa mphunzitsi wa ku Mangalande, a Ted Powell, ndipo mu ndime yotsiriza Flames idagonjetsa Zambia ndi zigoli 3 kwa 2. Chimenechi chidali chikho choyamba chachikulu kulowa m'dziko muno. Chaka chotsatira, 1979, anyamatawo adapita ku Kenya nakateteza chikhocho pogonjetsa eni bwalo, ndi zigoli 3 kwa 2 zomwezo. Kupambana pakwanu anthu angathe kunena kuti n'chifukwa cha ochemerera. Kukapambana pakhomo pa mwini wake ndiye kumatseka anthu pakamwa. Mu 1978 momwemo timuyi idafikanso m'gulu la matimu anayi otsiriza pa masewera a All-Africa Games ku Algiers.

Mutu umodzi susenza denga. Pagolo padali Boniface Maganga, kumbuyo kudali Jack Chamangwana, ndipo Barnet Gondwe adali mmodzi mwa osokoneza adani. Koma timu ikhoza kutseka bwino kumbuyo, n'kupatsirana mpira mokoma tsiku lonse, ikapanda munthu woulowetsa muukonde imabwerako chimanjamanja. Timu ya zaka zimenezo idali naye munthu woteroyo.

A mbali ya Mtawali ali ndi yankho lawo, ndipo si lachibwana. Iwo amati zigoli zimafanana papepala pokha. Masewero ambiri a nthawi imeneyo adali opimana mphamvu, ena ochitika pa zikondwerero za ufulu pa 6 July, ndipo ena adali olimbana ndi maiko ngati Botswana, Lesotho ndi Swaziland, amene mpira wawo udali usadakhwime. Izi n'zoona, ndipo wokana ndiye kuti akukana dala. Koma ndi theka chabe la choonadi. Zambia imene Malawi ankakumana nayo pafupipafupi idafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha Africa mu 1974, ndipo Zaire idachita kusewera nayo kawiri kuti itenge chikhocho. Uganda, ina mwa matimu a CECAFA, idafika mu ndime yotsiriza ya chikho chomwecho mu 1978 nigonja kwa Ghana. Kunena kwina, m'zaka zimene Kinnah ankagoletsa, chigawo chino chidatulutsa kawiri timu yachiwiri mu Africa monse. Munthu woyesa CECAFA ya nthawi imeneyo ndi muyeso wa zaka za pambuyo pake, pamene chikhocho chidatsika ulemu, amalakwitsa.

Ndi bwinonso kukumbukira mmene osewera ankakhalira. Mpira sudali ntchito yodyetsa banja. Ambiri ankagwira ntchito m'makampani amene ankathandiza matimu awo, n'kumakachita zokonzekera madzulo ataweruka. Ligi ya dziko lonse, ya Super League, idayamba mu 1986, Kinnah atachoka kale. Iye ankasewera m'ligi ya Blantyre ndi maboma ozungulira, ndi m'zikho monga cha Kamuzu ndi cha Chibuku. Mabwalo adali ouma gwa m'chilimwe, a matope m'dzinja, ndipo mpira wachikopa ukamwa madzi unkalemera ngati dzungu. Otseka kumbuyo adali ndi ufulu wochita zimene lero zingawatulutsitse m'bwalo, pakuti lamulo lolanga mwamphamvu wotchera mnzake mwendo kuchokera kumbuyo lidakhwimitsidwa mu 1998. Koma mfundo yotsirizayi isakometsere Kinnah yekha, popeza Mtawali naye adasewera zaka zake zambiri lamulolo lisadakhwime.

Chilema chenicheni cha mbiri ya Kinnah chili pena. Iye sadasewerepo mu ndime zotsiriza za chikho cha Africa. Malawi adafikako koyamba mu 1984, ku Ivory Coast, iye atasiya kale kusewerera Flames. N'zoona kuti masiku amenewo ankafikako ndi matimu 8 okha, osati 24 monga zidakhalira kuyambira 2019, kotero khomo lidali lopapatiza kwambiri. Komabe timu ya 1984 idadutsa pa khomo lomwelo. Chachiwiri, Kinnah sadayesedwe m'ligi yaikulu ya kunja. Timu ina ya ku United Arab Emirates idamufuna, koma m'masiku a chipani chimodzi wosewera sankangonyamula chikwama n'kumapita, ndipo chilolezo sichidaperekedwe. Mapeto ake adatulukira ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, kumene adasewera timu ya Manzini Wanderers. Ligi ya kumeneko sidali yoposa ya kuno. Chodabwitsa n'chakuti zigoli zonse 71 zija adazimwetsa asadakwanitse zaka 28, msinkhu umene omwetsa zigoli ambiri amakhala atangofika kumene pachimake.

Tsono za Mtawali. Iye adayambira ku timu ya Hardware Stars, ndipo m'zaka zake zoyamba, kuno ngakhale ku South Africa, anthu ankamudziwa ndi dzina loti Ernest Chirwali. Pofika 1985 adali ali ku Bloemfontein Celtic, timu ya a Petrus Molemela, munthu wamalonda amene adali ndi diso lakuthwa pa osewera a ku Malawi. Njira ya ku Joni sidali yachilendo kwa Amalawi. Makolo ambiri adaiyenda kudzera ku Wenela ndi ku Theba popita ku migodi. Koma kwa wampira ulendowu udali ndi mtengo wake. Bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, la FIFA, lidachotsa South Africa m'kaundula wake mu 1976 chifukwa cha ulamuliro wa tsankho, ndipo wosewera wopita kumeneko ankadzitsekera yekha khomo la timu ya dziko lake.

Chaka cha 1985 chidali choyamba cha ligi ya National Soccer League ku South Africa. M'chaka chimenecho Celtic idatenga chikho cha Mainstay, ndipo mnyamata wa ku Malawiyo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo. Mfundo imeneyi ndiyo mzati wa onse a mbali yake, ndipo ndi yolimba ndithu. Adali mlendo, wa zaka zongopitirira pang'ono 20, m'timu imene sidali Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates, m'dziko la akatswiri ngati Ace Ntsoelengoe, Jomo Sono ndi Marks Maponyane. Eni dziko sapereka msanga ulemu wotere kwa wobwera. Amene adamuonera amasimba za munthu wodekha, wosathamangathamanga, amene ankakhala ataona kale kumene mpira upite iye asadaulandire, ndi woponya mpira wautali wofikira pa phazi la mnzake. Dzina lake lidatsegulira ena njira, ndipo mu 1986 Jack Chamangwana naye adapita ku Kaizer Chiefs.

Pambuyo pake Mtawali adasewera Mamelodi Sundowns, ndipo adali m'gulu limene lidatenga ligi mu 1993. Wina angafunse kuti ligi ya dziko losalidwa idali ndi mphamvu yanji, popeza sinkapikisana ndi wina aliyense. Yankho lidabwera lokha. South Africa idabwezeredwa mu FIFA mu 1992. Mu 1995 Orlando Pirates idatenga chikho cha matimu opambana mu Africa, ndipo mu 1996 timu ya dzikolo idatenga chikho cha Africa. Amuna amene adachita zimenezi adakulira m'ligi yomweyo imene Mtawali ankaisewera mopatsa kaso.

Ulendo wake sudathere pomwepo. Mu 1995 adapezeka ku Argentina, m'timu ya Newell's Old Boys ya mumzinda wa Rosario, timu imene Diego Maradona adaisewera mu 1993, ndiponso kumene panthawiyo Lionel Messi adali kamwana kophunzira mpira m'magulu a ana. Kumeneko adasewera masewero owerengeka chabe. Mu 1996 adapita ku Toulouse, ku France. Timuyo idakwera kulowa m'ligi yaikulu mu 1997, ndipo Mmalawi adasewera m'ligi yapamwamba ya dziko limene chaka chotsatira lidatenga chikho cha dziko lonse. Apa n'kuti atapitirira kale zaka 30. Atabwerera ku South Africa adaseweranso matimu monga Orlando Pirates ndi Ajax Cape Town, kufikira zaka zoyambirira za m'ma 2000. Kinnah mpira wake waukulu udatha zaka zosakwana khumi. Wa Mtawali udatha pafupifupi makumi awiri, m'maiko a zinenero ndi kaseweredwe kosiyanasiyana.

Nanga dziko la Malawi lidapindulanji? Funso limeneli ndi limene limawawa. Mu 1987 Flames idatenga mendulo yachitatu pa All-Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon. Mu 1988 idatenganso chikho cha CECAFA kachitatu, pakhomo pano, itagonjetsa Zambia. Pa zonsezi Mtawali padalibe. Zaka zimene miyendo yake idali ndi mphamvu zonse zidakondweretsa anthu a ku Bloemfontein ndi ku Pretoria. Adadzavalanso malaya a Flames m'zaka za m'ma 1990, zinthu zitasintha kumwerako, ndipo amene adamuona pa bwalo la ku Chichiri adavomereza kuti zimene ankamva zija sizidali nkhambakamwa. Koma m'zaka zimenezo Flames sidatenge chikho, ndipo sidafike ku ndime zotsiriza za chikho cha Africa. Kumuimba mlandu iye yekha pa zimenezi kungakhale kulakwa, monganso kungakhale kulakwa kumudzudzula mnyamata wosauka chifukwa chotsata malipiro amene kwawo kudalibe. Komabe pa sikelo ya zimene munthu adachitira dziko lake ali m'bwalo, mbale yake ndi yopepuka.

Munthu akayang'ana bwino aona kuti ndale za nthawi imeneyo zidadula mbiri ya aliyense wa awiriwa pakati. Kinnah adayesedwa pakhomo, nakanizidwa mayeso a kunja. Mtawali adayesedwa kunja, nasowa pa mayeso a pakhomo. Mkangano wotere suli kuno kokha. Ku America kuli masewera otchedwa baseball, omenya kampira kolimba ndi chibonga, ndipo eni ake amalemba kanthu kalikonse kochitika m'bwalo, kotero wina angayese kuti kumeneko manambala amathetsa makani. Babe Ruth adamenya kampirako mwa mtundu umene amautcha home run nthawi 714. Hank Aaron adapyola nambala imeneyi mu 1974, nakaima pa 755. Koma kufikira lero anthu akumeneko sadagwirizane za woposa mnzake. Ena amati Ruth adafika pa nambala yake m'masewero ocheperapo. Ena amayankha kuti Ruth ankasewera nthawi imene anthu akuda sankaloledwa m'ligi yaikulu, pakuti khomo limenelo adalitsegula ndi Jackie Robinson mu 1947, Ruth atapuma kale, kotero sadakumane ndi akatswiri onse a nthawi yake. Ngati makani sakutha kumene zonse zidalembedwa, kuli bwanji kuno kumene zigoli za m'ligi ya Blantyre zidatsalira m'mitu ya anthu?

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kuikidwa pambali, ngakhale kuti pa bawo chimalowerera nthawi zonse, ndicho uphunzitsi. Kinnah adali mphunzitsi wa Bullets mu 2004 pamene timuyo, ikutchedwa Bakili Bullets, idatulutsa Orlando Pirates nifika m'ndime ya magulu ya chikho cha matimu opambana mu Africa. Adaphunzitsa Flames kuyambira 2008 kufikira kumayambiriro kwa 2013. Mu 2008 timu yake idagonjetsa Egypt ndi chigoli chimodzi kwa duu pa bwalo la Kamuzu, chigoli cha Chiukepo Msowoya, pamene Egypt idali mwini chikho cha Africa. Mu 2009 idalepherana ndi Ivory Coast ya Drogba 1 kwa 1, ndipo mu January 2010, ku Angola, idathira Algeria zigoli 3 kwa duu, nambala yomweyo imene Algeria idathira Malawi mu 1984. Mtawali naye adaphunzitsa Flames mu 2015 ndi 2016, kwa nthawi yochepa ndi yosakolola zambiri. Zonsezi n'zoona, koma zikunena za mutu wa munthu wokhala pa benchi. Funso la madoda aja ndi la miyendo, ndipo ulendo wa ku Angola suwonjezera chigoli ngakhale chimodzi pa 71 zija.

Tsono mlandu ugamulidwe bwanji? Ngati funso lili lakuti ndani adaonetsa kuti luso lake lingathe kuima paliponse, pakati pa anthu achilendo ndi otseka kumbuyo olipidwa ndalama zambiri, umboni uli ndi Mtawali, ndipo Kinnah alibe choyankha. Kunena kuti akadapita ku Ulaya akadagoletsa chimodzimodzi ndi kulota. Mwina akadatero, mwina ayi. Omwetsa zigoli ambiri otchuka kwawo adakazizira kunja.

Koma umboni wa Mtawali uli ndi malire ake. Kumene adalamulira bwalo ndi ku South Africa. Ku Argentina adangolawako, ndipo ku France adali mmodzi mwa osewera abwino m'timu yapakatikati. Kufika kumene Mmalawi wina adali asadafikeko ndi chinthu cha ulemu, koma kufika ndi kulamulira ndi zinthu ziwiri. Ndiponso polingalira za amene adatsala, munthu sangalumbire kuti Lawrence Waya kapena Young Chimodzi, akadayenda njira yomweyo pa msinkhu womwewo, sakadafika kutali. Pakati pa Mtawali ndi akatswiri anzake a ku Malawi mpata ulipo, koma ndi woti anthu angathe kukambirana. Pakati pa Kinnah ndi omwetsa zigoli ena onse amene dziko lino lidabala, mpatawo ndi phompho. Papita zaka zoposa 40 chisiyireni iye, osewera alowa ndi kutuluka, ena alipidwa bwino m'maiko akunja, mabwalo akonzedwa, mipira yapepuka, koma palibe amene wayandikira.

Chinthu chovuta koposa mu mpira ndi kugoletsa, ndipo chovuta koposa apo ndi kugoletsa pamene adani onse akudziwa kuti woopsa ndiwe. Pofika 1978 padalibe mphunzitsi wa ku Zambia, Kenya kapena Uganda amene sankadziwa dzina la Kinnah Phiri, komabe zikho ziwiri zija zidabwera. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zimene Mtawali akadachitira Flames mu 1987 ndi 1988 ndi fodya wa pachala. Zimene Kinnah akadachita ku Ulaya nazonso ndi fodya wa pachala. Zikachotsedwa zonse za "akadakhala", patsala mphoto ya 1985, ligi ya 1993 ndi ulendo wautali mbali imodzi, ndipo mbali inayi zigoli 71 ndi zikho ziwiri zoyamba za dziko. Pa muyeso umenewu, woposa mnzake ndi Kinnah Phiri. Mtawali adali waluso lochuluka mitundu, ndipo mwina wokoma koposa kumuonera. Koma Kinnah adachita chinthu chimodzi chofunika koposa, nachichita mopitirira Mmalawi wina aliyense.

Chodetsa nkhawa n'chakuti chigamulo chotere chikunka chivuta kuchiteteza pamaso pa achinyamata. Chigoli chimene Gabadinho Mhango adamwetsa ali kutali polimbana ndi Morocco ku Cameroon, mu January 2022, chili m'lamya za m'manja za anyamata a ku Machinjiri, ndipo angathe kuchionera kakhumi pa tsiku. Za Mtawali nazo zithunzi zoyenda zilipo, popeza ku South Africa wailesi ya kanema idayamba mu 1976. Koma mwana wofuna kuona mmene Kinnah ankatembenukira ndi mpira pakati pa otseka kumbuyo awiri ayenera kupeza mkulu amene adalipo, n'kukhala pansi. Mboni zoterozo zikutha. Jack Chamangwana, amene ankalimbana naye m'masewero a Bullets ndi Wanderers n'kumagwirizana naye mu Flames, adamwalira mu 2018.

Pa bawo la ku Machinjiri chigamulochi sichingalandiridwe ndi onse, ndipo womvetsera bwino azindikira msanga chifukwa chake. Kinnah adali wa Maule. Kawirikawiri mkulu amene amakweza mawu koposa potamanda Mtawali, ukamufunsitsa, upeza kuti sadamuonepo akusewera ku Bloemfontein ngakhale tsiku limodzi, koma ndi wa Manoma wa kuubwana, amene adabwererapo wapansi kuchokera ku Chichiri madzulo ena a m'ma 1970, ali chete njira yonse.